Telala wa pa Chiringa ndi nsalu za chipani

A Selestina anakhala akupalasa makina osokera pakhonde la golosale ina pa Chiringa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anabadwira ku Kaduya, sukulu analekera Sitandade 5, ndipo za ndale sankazitsegulira pakamwa. Koma chaka cha zisankho chikafika ankadziwa wopambana anthu asanaponye voti. Chowauza chinali nsalu.

Zipani zikagawa nsalu, amayi amathamangira nazo kwa telala, ndipo m'pamene mtima wa munthu umaonekera. Wokonda chipanicho amati, "Mundisokere diresi, nkhope ya bwanayo ikhale pachifuwa." Wongolandira, pakuti chaulere sakana, amapempha katani wa pakhomo, thumba la nandolo kapena matewera a mwana. A Selestina ankasoka zonsezo ali duu, n'kumasunga mumtima.

Amuna awo, a Donald, anali ochokera ku Ntcheu. Anaphunzitsa Sitandade 8 pasukulu ya pulayimale ya kufupi ndi msikawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo banjalo linkakhala m'nyumba ya sukulu. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosakwiya msanga. Nthenda yawo inali imodzi: wailesi. Munthu akangotchulidwa kuti katswiri pa ndale, a Donald ankamumvera ngati akulalikira m'busa.

Chaka china cha zisankho akuluakulu a chipani china anabwera kudzawapempha kuti aimire ukhansala. Panali vuto limodzi. Mphunzitsi wa boma saimira chisankho ali pantchito, ayenera kutula pansi choko kaye, ndipo a Donald anali atatsala ndi zaka zinayi kuti apume mwaulemu. Koma akatswiri a pawailesi ankanenetsa tsiku ndi tsiku kuti kafukufuku waonetsa zoti chipanicho chisesa boma lonse la Phalombe, moti ngakhale chitaimika chitsa, chitsacho chipambana.

Poyamba makina a Selestina ankavomereza zimenezo. Madiresi a chipanicho ankachuluka mpaka ulusi kutha. Koma sabata imene mbiri inawanda yoti aphunzitsi ndiwo aimire, zinthu zinatembenuka. Amayi omwewo anayamba kupempha makatani ndi matumba, akuyang'ana kumbali. A Selestina zinawapweteka kwambiri. Anaganiza kuti anthu amene amuna awo anawaphunzitsira ana zaka zonsezo ankawada mobisa.

Anapirira masiku atatu, tsiku lachinayi analankhula a Donald akulemba kalata yosiyira ntchito.

"Bambo a Favour, musapereke kalatayo. Anthu sakuvala nsalu yanu."

A Donald anavula magalasi n'kuseka mofatsa. "Mayi a Favour, akatswiri aja anapita ku yunivesite. Afunsa anthu zikwizikwi m'dziko muno. Inu mwafunsa matewera?"

"Sindinafunse munthu. Ndikungoona zimene akubwera nazo."

"Akusunga madiresi a tsiku lachikondwerero. Musade nkhawa."

A Selestina sanabwerezenso. Mpaka lero amadziimba mlandu pa chimenechi, kuti anachita manyazi ndi Sitandade 5 yawo pamaso pa anthu a pawailesi amene sanapondepo pa Chiringa. Kalata inapita, ndipo iwo omwe anasita malaya amene a Donald anavala poipereka.

Akatswiri aja sananame kotheratu. Chipanicho chinapambana m'madera ambiri. Koma m'dera la a Donald anapambana wogulitsa matabwa wina woima payekha, ndipo pasukulu pawo penipeni, m'kalasi momwe ankaphunzitsiramo, a Donald anapeza mavoti makumi atatu ndi limodzi okha. M'mawa mwake mmodzi wa akatswiri aja anali pawailesi kufotokoza chifukwa chake madera ena anachita zosayembekezeka, mawu ake osanjenjemera n'komwe. Iye ntchito yake inalipobe.

Patapita masabata awiri anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya sukulu, pakuti kukubwera mphunzitsi watsopano. Kopita kunali ku Kaduya, kwawo kwa a Selestina, kumene a Donald akayambe moyo wa mkamwini imvi zili mbuu. Sanadandaule, koma anasiya kudya bwino, ndipo akamva belu la sukulu ankalowa m'nyumba.

Tsiku lomanga katundu kunabwera a Aliness, mayi wa kumpingo amene ana ake atatu anadutsa m'manja mwa a Donald. Anaima pakhomo, kudabwa ndi mitolo ya ziwiya.

"Kodi mukupita kuti, amayi?"

"Kwathu. Nyumbayi ndi ya mphunzitsi, ife si aphunzitsinso."

A Aliness anakhala pansi pomwepo, manja ali kumutu.

"Mayo ine! Ifetu tinapangana, amayi a kuno tonse. Tinati tikawavotera atithawira ku khonsolo, nanga ana athu a Sitandade 8 awakhozetsa ndani? Tinati akagwa abwerera m'kalasi Lolemba. Palibe anatiuza kuti ntchito anasiyiratu."

A Donald anali kuseri kwa chitseko, akumanga mabuku awo ndi luzi. Anamva zonse. Anatuluka pang'onopang'ono, nawafunsa a Aliness ngati mwana wawo womaliza wayamba kumvetsa masamu ogawa.

"Ayi, aphunzitsi," anayankha akulira. "Amadikira inu."