Chaka Chimene Atate Anali Mroma

Ndikamva fungo la chimanga chootcha ndi udzu wonyowa, ndimakumbukira Lenti ya chaka chimene ndinali mu giredi 3 ku Mlolo. Akatekisiti athu, a Phiri, ankatiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Tsiku lina anatiuza za Aroma akale, kuti ankadzaza bwalo lalikulu kukaonerera anthu akuphedwa, ena akudyedwa ndi mikango. Oonererawo ankapita ndi kamba wawo, n'kumaseka. Sindinamvetse. Kwathu munthu akamwalira, ngakhale wailesi inkazimitsidwa.

Sabata yomweyo atate anasankhidwa kukhala msilikali wa Chiroma m'sewero la Lachisanu Loyera. Anadula chitini cha mafuta ophikira n'kupanga chisoti, kenako anapota chikwapu cha khonje. Yesu anali a Mateyu, okonza njinga, amene ankatipopera mpira. Ndinkawayang'ana atate ali pakhonde, akuyesa chikwapucho m'mwamba, ndipo ndinkadzifunsa ngati akusanduka mmodzi wa anthu aja.

Tsikulo anthu anadzaza msewu, ana tinakwera m'mitengo. A Mateyu anasenza mtanda wa bulugamu, msana wawo utapakidwa katondo wonyowa. Chikwapu chinalira, iwo anagwa m'matope, chisoti cha atate chinatsetserekera m'maso. "Onjezani, a Banda!" anakuwa wina, akuuza atate. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, chimanga chili kukamwa, mpaka ndinatsala pang'ono kugwa. Pansi panga amayi ankalira.

Titafika kunyumba ndinakana kukhala ndi atate pamkeka umodzi. Atandifunsa chifukwa, ndinati, "Mwawapweteka a Mateyu. Ndinu Mroma."

"Ine ndamenya mtanda, osati munthu," anatero atate, akuvula chisoti. Chitini chinali chitawacheka pamphumi. "Tayeserera masabata atatu kuti chingwe chisawakhudze. Koma kuseka kwako ndakumva kuchokera mumtengo muja."

Sanakalipe. M'mawa mwake ndinathamangira kwa a Mateyu. Ndinawapeza akumata chubu, atavula malaya, msana wopanda bala ngakhale limodzi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Mroma ndi wogwira chikwapu, choncho mtima unakhala pansi kuti atate sanali wotero. Lero ndimakumbukira kuti a Phiri sananene zambiri za akupha. Ankanena za okhala m'mbali, kamba ali m'manja. Sewerolo ndimapitabe chaka chilichonse, koma ndikafika ndimasowa poima.