Makope Asanu ndi Awiri a Mayi Wogulitsa Nsomba ku Chelstone

Pamene ndinkasiya uphunzitsi ndinali nditaphunzitsa Chinyanja ndi Chingerezi kusekondale zaka zoposa makumi awiri, ndipo ntchito imene manja anga ankaidziwa bwino inali kuchonga zolemba za ena. Choncho ndinaika tebulo pakona ya chipinda chochezera m'nyumba yathu ya ku Kabwata, n'kugula kompyuta yakale kwa mng'ono wanga, n'kuyamba kuuza anthu kuti ndine mkonzi. Ambiri amene ankabwera anali ophunzira a kuyunivesite, ndiponso anthu a m'maofesi a ku Longacres amene ankachita digiri yachiwiri uku akugwira ntchito. Ndinkawawongolera ziganizo, kuwasonyeza pamene mfundo yasochera, ndi kuwabweza kuti akalembenso. Amene ankafuna kuti ndichite kuwalembera ndinkawakana asanakhale n'komwe pampando.

Ndinkadzidalira kwambiri pa chilankhulo. Bambo anga anali mkulu wa mpingo wa Reformed, ochokera ku Katete, ndipo ngakhale tinabadwira mu Lusaka, pakhomo pathu ukanena kuti "nifuna" unkabwereza mawuwo mpaka atuluke kuti "ndikufuna". Ndinakula ndikukhulupirira kuti Chinyanja cha m'tauni n'chogulira tomato ndi kukwerera minibasi, osati cholembera buku.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira, kunabwera mayi wina wachikulire atanyamula chikwama cha pulasitiki. Anati amene wawatuma kwa ine ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa kale, amene ankapemphera naye ku Katolika. Anali ochokera ku Luapula, kwa anthu olankhula Chibemba, ndipo ankagulitsa nsomba zouma ndi kapenta pamsika ku Chelstone. M'chikwamamo munali makope asanu ndi awiri a ana a sukulu, odzaza mbali zonse, ena olembedwa ndi pensulo. Anandiuza kuti mwana wawo wamkazi anadwala kwambiri ali ndi zaka zitatu, ndipo atachira anali asakumvanso. Tsopano anali wamkulu, telala wokhala ndi makina ake ku Kaunda Square. Makopewo anali nkhani ya mmene anamulerera, ndipo ankafuna kuti ikhale buku loti amayi anzawo a ana osamva aziwerenga, asiye kutsekera ana m'nyumba.

Ndinawafunsa ngati akufuna bukulo m'Chingerezi. Anakana, n'kunena kuti amayi amene akuwalembera sawerenga Chingerezi. Ankanditchula kuti ba ticha, ine n'kumawatchula kuti ba mayo, monga amachitira anthu a kwawo.

Nditatsegula kope loyamba ndinagwira mutu. Chiganizo chimodzi chinkayamba m'Chinyanja cha m'tauni, pakati n'kulowa Chibemba, n'kukathera m'Chingerezi. Zizindikiro zopumira zinali zosowa. Ndinajambulitsa makope onse pamalo ena a fotokope m'tauni, ndipo ndinagwira ntchitoyo milungu isanu ndi umodzi. Mawu a Chibemba ndinawachotsa, a Chingerezi ndinawapezera a Chinyanja, ndipo penapake ndinaikamo miyambi imene mwini wake sanalembe. Nditamaliza ndinaona kuti ndachita ntchito yoti bambo anga akanakhala moyo akanainyadira.

Mayiwo atabwera ndinawaphikira tiyi, n'kuyamba kuwawerengera mokweza. Anamvetsera masamba anayi. Kenako anaika kapu pansi.

"Ba ticha, buku yanu ni yabwino maningi," anatero. "Koma uyu mzimayi akamba umu sinimuziba. Sindine."

Ndinawafotokozera kuti buku lili ndi malamulo ake, ndipo anthu ophunzira akaona chilankhulo chosakaniza adzaseka. Anayankha modekha kuti anthu ophunzira anawaseka kale kuchipatala ndi kusukulu pamene ankayenda ndi mwana wawo kufuna thandizo, ndiye kusekedwa si chinthu chachilendo kwa iwo. Anatenga makope awo, n'kutsanzika mwaulemu, n'kupita.

Ndinakwiya masiku angapo. Ndinauza mwamuna wanga kuti anthu ena safuna kuthandizidwa. Iye anangofunsa ngati angaone zimene mayiwo analemba, ndipo ndinamupatsa mafotokope aja pamodzi ndi zimene ine ndinakonza. Anawerenga pang'ono, n'kundisonyeza malo amodzi ndi chala. Mayiwo analemba kuti, "Mwana wanga sanafe, ni matu chabe yanagona." Ine ndinali nditasintha kuti, "Mwana wanga anapulumuka ku matendawo ngakhale kuti anataya mphamvu ya kumva." Mwamuna wanga anangopita kukathirira ndiwo kuseri kwa nyumba. Ndinawerenga ziganizo ziwirizo kangapo, ndipo ndinaona ndekha kuti changacho chinali ngati cha m'kalata ya kuchipatala.

Lachiwiri lotsatira ndinakwera minibasi ya m'tauni, n'kusintha kukwera ya ku Chelstone. Ndinawapeza akuyeza kapenta m'kambale. Atandiona anandilonjera, koma anapitiriza kugulitsa, ndipo ndinaima pambali nthawi yaitali ndithu asanandipatse kampando. Ndinawauza kuti ndinalakwa, ndipo ndikufuna kuyambiranso. Anandiyang'ana kaye, kenako anati avomera ngati sindidzasintha liwu ngakhale limodzi osawafunsa. Inenso ndinaika lamulo langa: ndikawafunsa funso ayankhe, ngakhale likhale lowawa. Tinagwirizana kuti ndizibwera Lachiwiri lililonse masana, nthawi imene ogula amachepa.

Tinayenda choncho miyezi isanu. Ndinkawerenga ndime mokweza, iwo akumvetsera uku akuthamangitsa ntchentche pa nsomba. Pamene mawu a Chibemba sakanamveka kwa wowerenga wa Chinyanja, ndinkawafunsa kuti akanamuuza bwanji mnzawo wa ku Chipata wogulitsa pafupi nawo, ndipo zimene ayankha ndizo ndinkalemba. Zopumira ndinkaika pamene iwo ankapumira polankhula. Nkhani ya tsiku limene anazindikira kuti mwana sakumva, pamene poto anagwa kumbuyo kwake iye osatembenuka, anali ataifotokoza katatu m'makope osiyana. Tinakangana milungu iwiri, chifukwa ankafuna zitatu zonsezo zikhale. Pomaliza ndinawawerengera zonse motsatizana, ndipo iwo eni anasankha imodzi.

Vuto lalikulu linabwera titafika pa kope lachisanu. Kumapeto kwa kope lachinayi mwana anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuyamba kwa lachisanu anali ndi zaka khumi ndi zinayi, akuyamba sukulu ya ana osamva. Ndinafunsa kuti zaka za pakatizo zinapita kuti. Anati panalibe chochitika. Ndinawakumbutsa pangano lathu. Anayamba kupanga milu ya nsomba imene inali yopangidwa kale, ndipo patapita nthawi anandiuza, osandiyang'ana.

Bambo wa mwanayo atamwalira, iwo anakwatiwanso. Mwamuna wachiwiriyo sankafuna mwana wosamva pakhomo, ankati alendo akabwera amachita naye manyazi. Mayiwo anamutenga mwanayo n'kukamusiya kumudzi ku Luapula kwa azakhali ake, akumuuza ndi manja kuti abwera kudzamutenga mawa. Anapita kukamutenga patatha zaka zisanu, banja lija litatha.

Anati zimenezo sizilowa m'buku. Ndinawauza kuti buku ndi lawo, ndipo sindingawakakamize. Koma ndinawauzanso zoona, kuti akulembera amayi kuti asabise ana, ndipo mayi amene wabisa kale mwana wake akawerenga buku la munthu amene sanalakwepo adzalitseka, poganiza kuti si la anthu ngati iye. Anandiuza kuti ndizipita, kwada, ngakhale dzuwa linali lidakali pamwamba.

Lachiwiri lotsatira ndinapitanso. Anandilonjera, n'kunena kuti ali otanganidwa. Linalo ndinapitanso, ndipo ndinakhala pakampando kaja ndikuchonga zolemba za wophunzira wina mpaka nthawi yanga itakwana. Mng'ono wanga anandifunsa chimene ndikudzivutitsira pamene ntchito zina zikundidikira patebulo. Ndinkangodziwa kuti ndinawalakwira kamodzi powachotsera mawu awo, ndipo sindinkafuna kuwalakwira kachiwiri powasiya ndi buku losatha. Mlungu wachinayi ananditulutsira kope latsopano pansi pa tebulo. Anali atalemba masamba khumi ndi limodzi. Sindinasinthemo kanthu kupatula zopumira.

Nditatayipa zonse ndinawauza kuti bukulo silingapite kosindikiza mwana wawo asanaliwerenge, chifukwa moyo umene uli m'menemo ndi wakenso. Apa anachita mantha kuposa poyamba. Anati za ku Luapula sanakambiranepo naye chibwerereni. Komabe anamupatsa mapepalawo.

Patatha masiku khumi, Loweruka m'mawa, mwanayo anabwera yekha kwathu ku Kabwata. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wamtali, atavala diresi la chitenje losokedwa bwino kwambiri. Ine chilankhulo chamanja sindichidziwa, choncho tinakhala patebulo n'kumalemberana papepala. Anali atachonga mapepala aja ndi choko chake chosokera. Paliponse pamene amayi ake analemba kuti "mwana wanga wovutika" iye anakhwatcha liwu lomalizalo. Analemba kuti iye si wovutika, ali ndi ntchito, ali ndi anzake, ndipo ana osamva amene adzawerenge bukulo asadzione choncho. Ndinamuuza kuti mawuwo ndi a amayi ake, ndiye ndikawafunsa kaye.

Kenako anatulutsa masamba anayi olembedwa ndi dzanja lake. Anali a zaka zisanu zija. Analemba mmene ankakhalira pamsewu tsiku lililonse kuyang'ana basi, mmene ana anzake ankamuponyera timiyala kuti atembenuke, ndi mmene azakhali aja anamuphunzitsira kusoka ndi singano pofuna kumuchotsa pamsewupo. Sanawanyoze amayi ake, koma sanawachepetsere kanthu. Pansi pake anandilembera funso: "Izi zingalowe, kapena buku ndi la amayi okha?"

Ndinapita nawo masambawo ku Chelstone. Mayiwo anandipempha kuti ndisawerenge mokweza, awerenga okha. Anatenga nthawi yaitali, akutsata ndi chala, ndipo ogula awiri anabwera n'kubwerera osathandizidwa. Atamaliza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ikani vonse," anatero. "Na dzina yake ikhale pa chikuto pamodzi na yanga."

Za liwu lija loti "wovutika" anavomera kulichotsa paliponse kupatula malo amodzi, pa usiku umene mwanayo anadwala, chifukwa anati pamenepo anavutikadi. Mwanayo anavomera.

Kosindikiza kunali nkhondo ina. Tinapeza kampani yaing'ono m'tauni, ndipo mwamuna amene ankayala masamba pakompyuta anali wa kwathu kum'mawa. Masamba oyesera atabwera ndinapeza kuti wakonza chilankhulo m'mitu iwiri yoyamba, akuganiza kuti akutithandiza. "Manje" yense anali atasanduka "tsopano". Ndinapita komweko, n'kumuuza kuti abwezeretse liwu lililonse. Anadabwa kuti mphunzitsi wa Chinyanja angalole zotere, ndipo ndinamuyankha kuti inenso ndinayesa njira yakeyo ndipo mwini buku anandithawa. Ndinakhala pambali pake masiku awiri, tikufananitsa mzere ndi mzere, mpaka zonse zitabwerera m'malo.

Bukulo linatuluka laling'ono, lachikuto chobiriwira. Analionetsa kwa anthu muholo ya tchalitchi chawo Lamlungu lina Misa itatha. Mayiwo anawerenga mutu woyamba, mwana wawo ataima pambali pawo pamodzi ndi mnzake womasulira m'chilankhulo chamanja, chifukwa kunabwera anthu osamva ambiri amene iye anawaitana. Atafika pa mutu wa ku Luapula mawu anawathera, ndipo anandipatsa bukulo kuti ndipitirize. Ndinawerenga monga mmene analembera, Chibemba ndi Chingerezi chomwe, ndipo palibe anaseka. Pambuyo pake amayi atatu anatsalira kufunsa kumene kuli sukulu ya ana osamva, ndipo mmodzi anavomera kuti mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri sanatulukepo kunja kwa mpanda.

Sindinganene kuti mayi ndi mwana anagwirizana pa zonse kuyambira tsiku limenelo. Mwanayo anandilembera pafoni kuti pali mafunso ena amene amayi ake sanayankhebe, ndipo akawafunsa amayamba kukamba za mitengo ya nsomba. Koma mvula itatha chaka chimenecho anakwera basi limodzi kupita ku Luapula, ulendo woyamba kupitira pamodzi chimusiyireni kumeneko, kukapereka buku kwa azakhali aja, amene anali atakalamba kwambiri ndipo maso anali atayamba kuwavuta. Anakhalako mlungu umodzi, ndipo mayiwo anawawerengera buku lonse pakhonde, mutu umodzi tsiku lililonse, masiku ena iwiri.