Mabatani a Suti Yodula Kale

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri m'chaka cha 1972, pomwe boma linatumiza komishoni kuzungulira dziko kukamva maganizo a anthu pa malamulo atsopano oyendetsera Zambia. Tinkakhala ku Kabwata, m'nyumba ya kanselo ya zipinda ziwiri. Atate, a Zulu, anali telala mumsika. Ine ndinali mwana wamanyazi, moti mlendo akafika ndinkabisala kuseri kwa chitseko. Zimene pakamwa pankakanika kunena ndinkazilemba m'kabuku ka chikuto chofiira, kamene ndinkabisa m'katoni ya zidutswa za nsalu. Ndinkalembamo mvula, malungo a mng'ono wanga, ndi mawu a akuluakulu monga momwe anatulukira m'kamwa mwawo.

Loweruka lina masana a Banda, aneba athu, anabwera kudzacheza. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, Atate akupinda thalauza la munthu ndi singano yamanja. Wailesi inali itangolengeza kuti aliyense ali ndi mwayi wokanena mmene boma la chipani chimodzi liyenera kuyendera, koma funso loti kaya tikulifuna kapena ayi linali lotseka.

"Muzayenda kukakamba ku komishoni, ba Zulu?" anafunsa a Banda.

"Ndikakambe chiyani?" anatero Atate, akuluma ulusi. "Suti adadula kale. Ife akutifunsa za mabatani chabe, kaya tifuna akuda kaya oyera."

Anaseka onse awiri, kenaka onse awiri anacheukira kumsewu. Kucheukako sindinakulembe, chifukwa sindinadziwe kuti kunali ndi tanthauzo. Ndinalemba za suti zokha, ndipo ndinadula mzere kunsi kwake ponyadira nzeru za Atate.

Lachiwiri lake, aphunzitsi athu Mayi Mwale analemba pabolodi maufulu a munthu: ufulu wokhala ndi moyo, wopembedza, wosonkhana ndi anzako, ndi wonena maganizo ako popanda mantha. Anati maufuluwa analembedwa m'malamulo a dziko pomwe tinalandira ufulu wodzilamulira, ndipo adzalowanso m'malamulo atsopano. Ndinawakopera mosamala. Atatero anafunsa ngati pali amene anamva makolo ake akukamba za komishoni. Palibe amene anakweza dzanja. Anafunsanso, akumwetulira: "Kunyumba kwanu kulibe bokamba?"

Ndinayang'ana mzere womaliza pabolodi, ndipo ndinaukhulupirira monga ndinkakhulupirira vesi la ku Sande sukulu. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni sukulu ndinakweza dzanja. Mawu a Atate ndinkawadziwa pamtima, poti ndinali nditawalemba, ndipo ndinawanena onse mpaka mabatani akuda ndi oyera.

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mayi Mwale sanaseke. "Khala pansi, Esinati," anatero, natiuza titulutse mabuku a masamu. Poweruka anandigwira pamkono. "Zija usazikambenso, wamva?"

"Koma zili pabolodi, Madamu."

Anatenga kansanza n'kufufuta bolodi lonse.

M'kalasi mwathu munali Jeni, mwana wa tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Sanali mwana woipa. Anangotenga nthabwala yokoma kupita nayo kwawo, monga ine ndinaitengera kusukulu.

Lachisanu masana ndinapititsa tiyi ndi mbatata kwa Atate. Anyamata achipani, amene ankaima pageti la msika kufunsa anthu makhadi a umembala, ndinawapeza atazungulira tebulo la Atate.

"Ndimwe ba Zulu ba mabatani?" anatero wina. "Bwelani mutiuze, tifuna bakuda olo boyela?"

Ananyamula makina osokera n'kukawaika pafumbi kunja kwa mpanda. Posakhalitsa panafika amuna awiri ovala majekete, nauza Atate mwaulemu kuti akufunika kukayankha mafunso pang'ono. Atate anavula tepi yoyezera m'khosi mwawo n'kundikoleka ine. Amayi ogulitsa tomato, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi, anaweramira tomato wawo. Wometa tsitsi anapitiriza kumeta. Fulasiki inali idakali yotentha m'manja mwanga pomwe galimoto imene inawatenga inkakhotera ku Burma Road.

Madzulo ake ndinaulula kwa Amayi. Sanandimenye. Anangoti ndibweretse kabuku kaja, ndipo anang'amba tsamba limodzilimodzi n'kumaponya pambaula. Mvula, malungo a mng'ono wanga, zonse zinapsa. A Banda anasiya kudutsa pakhomo pathu.

Miyezi ya chisanu tinaithera m'maofesi a m'tauni. Amayi ankandipatsa envulopu ya makalata kuti ndinyamule, popeza ndine ndinkawerenga Chingerezi. Kulikonse ankati tibwere mawa. Tsiku lina, pa ofesi ina pafupi ndi Cairo Road, ndinatulutsa tsamba limene ndinang'amba m'kope langa la kusukulu, lija la maufulu, n'kuliika pakauntala. Ndinangoloza mzere womaliza ndi chala.

Kalaliki wake anali bambo wa imvi. Anawerenga pang'onopang'ono, nayang'ana kuchitseko monga anachitira Atate ndi a Banda.

"Ulemba bwino, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Manje pansi pa mau aba pali benangu bamene aticha sanalembe. Bayamba na 'pokhapokha'. Pokhapokha ngati boma yaona kuti mtendele wa dziko uli pa ngozi. Ndiye pamene bagwilila batate bako. Pinda pepala, usunge."

Atate anabwera mitengo ya jakaranda itayamba maluwa. Sanaonekere kukhoti, ndipo palibe anawauza mlandu wawo. Anali ataonda, kolala ya shati ikuzungulira m'khosi. Malo awo mumsika anali atapatsidwa kwa wina, motero makina tinawaika pakhonde. Manja awo ankanjenjemera, ndipo ntchito yotunga ulusi pasingano inakhala yanga ndikaweruka. Panapita masabata ndisanalimbe mtima.

"Atate, ndine ndinanena za suti kusukulu."

"Ndikudziwa, mayi."

Ndinayamba kulira. Anadikira, dzanja lili pagudumu la makina.

"Unawonjezerapo mawu ako?"

"Iyayi."

"Unanama?"

"Iyayi, Atate."

"Ndiye tunga ulusi, diresi la eni ake likudikira."

Sanaikambenso nkhaniyo. Koma sanasekenso ndi alendo pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo wailesi ikayamba nkhani ankapalasa makina mwamphamvu kuti asamve. Malamulo atsopano anakhazikitsidwa, maufulu aja ali momwemo monga ananenera Mayi Mwale. Atate anamwalira zipani zambiri zisanabwerere m'dziko muno.

Zaka zambiri ndinkadziimba mlandu. Lero ndikuona kuti Mayi Mwale sananame, nanenso sindinalakwe kuwakhulupirira. Mawu aja analidi m'malamulo. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi mumsika muja woti adzutse mutu n'kufunsa kuti, "Mukuwatengera kuti?" Pepala silingafunse funso limenelo. Sindiwada amayi a tomato aja, pakuti inenso mpaka lero ndimacheukira kumsewu ndisananene za boma, ngakhale m'nyumba mwanga momwe.

Tsamba lija ndikadali nalo, lopindidwa kanayi, pamodzi ndi tepi ya Atate. Adzukulu anga akabwera ndi phunziro la maufulu kuchokera kusukulu, ndimawawerengetsa mzere uliwonse mokweza. Akamaliza ndimawatuma akafunse aphunzitsi awo mawu amene ali kunsi kwake.