Madzi Osapsa a Mayi Araba

Mayi Araba Bentsil anagwira ntchito yokolopa pachipatala china kuno ku Takoradi kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zinadzadza m'mutu. Ine ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yomwe iwo amachita lendi, zitseko zathu zinayang'anizana, ndiye za iwo ndimazidziwa. Ndi mayi woti akakupatsa moni wa pamanja amakasamba. Ngakhale mandimu ogula kumsika amawatsuka ndi sopo.

Atapuma pantchito masiku anayamba kuwatalikira. Amuna awo anamwalira kalekale, ana onse ali ku Accra. Tsiku lina akuchokera kumsika anaima pa Ekow, bambo wina wamfupi wogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, n'kuiwala zoti anyamula tomato padzuwa. Masana omwewo wilibala inafika pakhomo itanyamula thanki ya galasi, timiyala, kapampu kotulutsa thovu ndi tinsomba tofiira m'jumbo ya madzi.

"Timeneti mukazinga liti?" anafunsa Mayi Adwoba, amene amagulitsa dokono, nsima yowawasa yokulunga m'masamba, pageti pathu.

"Sitodya iti, achemwali. N'toonera."

"Toonera! Nyanja ili apo, yaulere."

Ekow amati anawachenjeza kuti asathamangire kuika nsomba. Iwo amati sanamve zimenezo. Anatunga madzi pampopi, kuthira m'thanki, kukhuthuliramo tinsomba. Sabata isanathe tinsomba tonse tinali pamwamba, kukamwa yasa, kenako mimba m'mwamba. Mayi Araba anati vuto ndi litsiro basi. Anatsuka thanki ndi mankhwala okolopera, timiyala n'kutiwiritsa pamoto, n'kukagula tinsomba tina. Ito ndiye sitinachedwe n'komwe kufa.

Ulendo wachitatu Ekow anakana kuwagulitsa. Anatseka malo ake n'kubwera nawo kunyumba, ine n'kusiya makina kukamvera nawo.

"Mayi, madzi anuwa sanapse," anatero atasuzumira m'thanki.

"Ndiwaphike?"

"Ayi! Musaphikenso chilichonse, chonde. Nsomba imadzithandiza m'madzi momwe ikukhalamo. Zoipazo zikachuluka zimaiwotcha. Ndiye pamafunika tizilombo tosaoneka ndi maso todya zoipazo. Timakhala pamiyala ndi pa chinkhupule cha m'pampumu."

Mayi Araba anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Ekow, moyo wanga wonse ndakhala ndikupha tizilombo. Lero ukuti ndiwete?"

"Ndi tina iti, mayi. N'tabwino."

"Ukutisiyanitsa bwanji poti wati sitioneka?"

Ekow anakanda m'mutu. Anangowauza zochita: madzi a pampopi aziyamba agona mundowa kuti mankhwala ake auluke, pampu isazime, ndipo m'mawa uliwonse azitsinira chakudya cha nsomba pang'ono m'thanki, ngakhale mulibe nsomba. Chakudyacho chikamaola tizilombo tija tipeza chodya n'kuswana. Anawasiyiranso timabotolo tiwiri toyezera. Kadontho ka koyamba kakasandutsa madzi achikasu ndiye bwino, akabiriwira ndiye poizoni. Kachiwiri, abuluu ndiye bwino.

"Nanga wobiriwira si ndiye mtundu wa moyo?" anafunsa iwo.

"M'munda, mayi. Muno ayi."

Anayamba kutero. M'mawa uliwonse ankatsinira chakudya m'galasi lopanda kanthu n'kukhala pampando kumayang'ana thovu. Mayi Adwoba anawaona pazenera, ndipo pofika Lamlungu nkhani inali itafika kutchalitchi. Kunabwera amayi a chigwirizano atavala zoyera, amayi busa ali patsogolo.

"Mlongo wathu, tamva kuti mukudyetsa chinachake m'madzi."

"Ee, ndikudyetsa."

"Chiyani?"

"Sindinachionepo."

Amayi aja anayang'anana. Kuno anthu akamva za munthu wodyetsa chosaoneka m'madzi amangoganiza za mzimu wa m'nyanja. Anagwirana manja kuzungulira thanki n'kupemphera mokweza. Mayi Araba anapemphera nawo ndi mtima wonse, ati mwina zithandiza. Anangomugwira dzanja mayi wina amene ankafuna kudontheza mafuta odzozera m'madzimo.

Patapita masiku madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Apa ndiye aliyense anali ndi nzeru zake. Mlamu wawo, amene amaweta nsomba m'madamu kumudzi, anati ataye onse. Mwana wawo wa ku Accra anaimba foni kuti wawerenga zoti azichotsa theka. Ekow anati asakhudze. Mayi Araba anachita zonse zitatu motsatizana: Lolemba sanakhudze, Lachiwiri anachotsa theka, Lachitatu anataya onse. Kabotolo koyamba kanaonetsa chikasu, iwo n'kuvina, koma patangopita masiku kanabiriwiranso, kachiwiri n'kufiira ngati biringanya.

Ankabwera pamakina anga ndi kagalasi koyezera.

"A telala, inu mumadziwa mitundu ya nsalu. Uwu ndi mtundu wanji?"

"Chikasu chopita kobiriwira."

"Ndiye ndisangalale kapena ndilire?"

Ndinawabwezera kagalasi kawo n'kupitiriza kusoka.

Ekow anawamvera chisoni. Anachotsa chinkhupule m'thanki yake yakale, chakuda bii, chonanda, n'kuchikulunga m'jumbo. Anati m'menemo muli tizilombo tokhwima kale, angochiika m'pampu yawo, zinthu zifulumira. Mawa lake atabwera kudzaona anapeza chinkhupule chili pachingwe choyanikira zovala, choyera mbee.

"Mayi! Mwatani?"

"Chimanunkha. Ndangochitsukako pang'ono."

"Ndi chiyani?"

"Sopo wochepa chabe."

Ekow anakhala pansi pa sitepe, chipewa chili pamaondo. Mayi Adwoba anamupatsa dokono ndi tsabola, ati adye mtima ukhale m'malo. Kenako Ekow anabweretsa chinkhupule china, ulendo uno n'kuchiika yekha, Mayi Araba atatembenukira kukhoma kuti asaone.

Sabata yomweyo kunachitika maliro a azakhali a Mayi Araba ku Mankessim. Inu mukudziwa maliro akwathu, sathera tsiku limodzi. Anandisiyira kiyi n'kundiuza kuti ndizitsinira chakudya koma ndisakhudze china chilichonse. Anakhalitsa kumeneko chifukwa abale ankakangana za nyumba ya malemu. Magetsi anazimazima monga mwa masiku onse, pampu n'kumaima, kumayamba.

Atabwerako anapeza madzi ali mbee, timiyala tikuoneka kamodzikamodzi. Asanavule n'komwe nsalu yakuda anadontheza timabotolo tija. Chikasu. Buluu. Anabwereza, zomwezo. Anatumiza uthenga kwa Ekow, iye n'kubwera chothamanga.

"Apsa, mayi! Apsa!"

"Ndachita chiyani kuti apse?"

"Palibe. Munachokapo."

"Ndiye vuto ndinali ine?"

"Sindinatero, mayi."

"Nanga tizilombo takoto tili pati? Madziwa ndi oyera kuposa kale."

"Timo, tadzadza."

Mayi Araba anavala magalasi awo n'kuyandikitsa nkhope pa thanki mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anapukuta ndi nsonga ya nsalu n'kuyang'ananso.

Ekow anawapatsa tinsomba tochepa ta michira yotambalala ngati siketi, ati tina adzawonjezera pang'onopang'ono. Iti ndiye sitinafe. Mayi Araba amasintha madzi pang'ono Loweruka lililonse monga anawauzira, ndipo chinkhupule amachifinyira m'madzi akale a m'thanki momwemo, atavala magolovesi, nkhope atakwinya. Akafunsidwa chimene chinkachitika miyezi ija amati afunseni Ekow, iwo sakudziwa.

Mwezi wathawu anandiitana mokuwa ndili pakati podula nsalu ya ukwati. Ndinawapeza atagwada pa thanki, supuni ili m'manja. Kansomba kamodzi konenepa kankatulutsa tiana tamoyo, tating'ono ngati nsonga ya singano, kenako n'kutembenuka kumatithamangitsa.

"A telala, nsomba si imaikira mazira? Iyi ikubereka ngati mbuzi! Taonani, kameza kena! Mwana wake yemwe!"

Anaimbira Ekow, foni ataipana ndi phewa, uku akuvuula tiana ndi supuni kuika m'kapu ya tiyi.

"Ukuti zimatero? Zimatero bwanji? Ndiye m'kapumu ndithiremo madzi ati, akale kapena atsopano?"