Mkazi Wosakalamba wa pa Tsamba Lachitatu

Mu ofesi monse amangowatchula kuti a Chitsanzo, poti ntchito yawo ndi yolemba malangizo a pulogalamu ya pakompyuta imene kampani yawo imagulitsa. Pa langizo lililonse amaikapo kachitsanzo: mukalemba chakuti, makina ayankha chakuti. Ndi bambo wa tayi kaya kutenthe bwanji, ndipo desiki yawo ili pafupi ndi pulinta, pomwe aliyense amadutsa koma palibe amene amaima.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, chikondi chidakali cha moto, analemba chitsanzo chowerengera zaka za munthu. M'malo mopeka tsiku, anaikapo tsiku lobadwa la akazi awo, pansi pake n'kulemba yankho: 29. Mayiwo anasindikiza tsambalo n'kulipachika pabalaza. Mlendo ankaliwerenga asanalandire n'komwe madzi akumwa. Koma tsiku lobadwalo a Chitsanzo ankaliiwala chaka ndi chaka.

Kenako kunabwera bwana watsopano, mayi wosaseka, amene analamula kuti makina aziyesa okha chitsanzo chilichonse pulogalamu isanatulutsidwe. Cholondola chizibiriwira, cholakwika chizifiira. Lolemba m'mawa zitsanzo zonse zinali biriwiri, kupatula chimodzi chomwe chinali psuu.

"A Chitsanzo," anatero bwana uja, "makina akuti munthu uyu ali ndi zaka 40. Konzani, apo ayi Lachisanu sititulutsa kanthu."

Kwa a Chitsanzo kulemba 40 sikunali kovuta, koma kunyumba akanakalowera khomo liti? Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, kuti mwina ikadzuka iiwala. Sinaiwale. Anakadandaula kwa bwana kuti makinawo ndi opanda mwambo, zaka za mayi wa eni ake sazitchula pagulu. Bwana anangowayang'ana mpaka anatuluka okha.

Nzeru zinabwera Lachinayi. Chitsanzocho chinkaona tsiku pa kalendala ya kompyuta, ndiye iwo anachinamiza kuti lero ndi tsiku lomwe lija anachilemba. Pompo chinabiriwira, ndipo a Chitsanzo anavina pang'ono kuseri kwa pulinta.

Kunyumba anafika mapewa ali m'mwamba. "Mayi, ndakupulumutsani. Mukhala wa 29 mpaka kalekale."

Mayiwo anaimika simbi, n'kuwafunsitsa bwinobwino zomwe zachitika.

"Ndiye zaka khumi ndi chimodzi zimene ndakhala ndikutola masokosi anu kunsi kwa bedi, ndi ana atatu pamwamba, mwazifufuta? Bambo, makinawo awerenga bwino. Amene simunawerenge ndi inu."

Zinawalasa mtima. Lachisanu m'mawa anabwezera kalendala mmene inalili, n'kulemba 40.

Tsopano chaka chilichonse, pa tsiku lobadwa la akazi awo, chitsanzo chija chimafiira. Bwana amakalipa, a Chitsanzo amawonjezera chaka chimodzi, n'kuthamangira kukagula mphatso. Chiyambire pamenepo tsikulo sanaliiwalenso.