Botolo langa ndi botolo la mnzanga

Setifiketi yanga ndi ya zophika ndi kulandira alendo m'mahotela. Za chiwindi, chimene ndinaphunzira ku koleji n'kuchikazinga ndi anyezi basi. Ndiye zimene ndilembe panozi mwina zina ndinazimva mokhota, ndipo zina mpaka lero sindikuzimvetsa.

Ndinadziwa kuti ndili ndi kachirombo ku sikelo, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, yemwenso ndi yekhayo. Za mmene tinakambirana ndi bambo ake sindilemba. Anesi anandiuza chinthu chimodzi chimene ndinachigwiritsitsa: piritsi limodzi pogona, tsiku lililonse, osadumphitsa, ndiye mwana akhoza kubadwa wopanda kachirombo n'kuyamwa bwinobwino. Ndikamadumphitsa, kachirombo kangathe kumupeza kudzera mu mkaka wanga womwewu.

Ntchito ya kuhotela sinapezeke, choncho ndinkakazinga usipa kudoko n'kumagulitsa kwa opita nawo ku Lilongwe. Pafupi ndi chiwaya changa panali chiwaya cha mnzanga wina, wamkulu pang'ono kwa ine, wapakamwa posatopa. Tsiku lina tinakumana pamzere wolandira mankhwala. Tinayang'anana, iye n'kuseka, nanenso n'kuseka, chinsinsi n'kuthera pomwepo. Botolo lake ndi langa anali amodzimodzi, chivindikiro chake, zolemba zake, zonse.

Koma iye akamwa ankagona ngati chipika, m'mawa n'kudzuka akuimba. Ine ndinkadzuka ngati ndatsika kumene m'boti tsiku la mwera. Pansi pankayenda. Maloto nawo ndiye osanena: usipa uli m'beseni ukuimba nyimbo za kwaya, mwana ndamubereka koma ndikamutsitsa n'kupeza ndi chiwaya. Anesi anati poyamba zimatero, zitha. Kwa mnzanga zinathadi, akuti sabata sinakwane n'komwe. Kwa ine mimba inakula, mwana anabadwa, anayamba kukhala pansi, chizungulire chili pompo.

Apongozi anga ankadziwa zonse ndipo sanandinyozepo, ndinene zoona. Iwo lamulo lawo linali limodzi: mankhwala samwera m'mimba mopanda kanthu, makamaka munthu woyamwitsa. Nthawi ya piritsi ikayandikira ankandibweretsera usipa wotsala pa malonda, uja wapansi pa beseni wonyowa ndi mafuta, nthawi zina n'kuwonjezera mandasi.

"Idyani kaye, amake mwana. Chizungulirecho ndi njala. Mankhwalawo akusowa pogwira."

Ndinkadya. Chizungulire chikakula, mbale nayo inkakula.

M'mawa wina kudoko ndinanyamula chiwaya kuti ndichiphule, mwana ali kumbuyo. Mchenga unapendekeka. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji, unangopendekeka, nyanja n'kukwera m'mwamba. Ndinamva mnzanga akukuwa, n'kundikoka chitenje. Mafuta owira anakhuthukira pamchenga, pomwe kamwendo ka mwana kanali kakulendewera kanthawi kapitako. Mwana sanalire n'komwe. Ndinalira ndine.

Tsiku limenelo ndinaganiza zosiya. Ndikamwa, tsiku lina ndidzamugwetsera m'mafuta. Ndikasiya, ndimupatsa kachirombo ndi bere langa. Ndinkawerengera uku ndi uku osapeza potulukira. Ndipo m'mutu munkabwera achemwali anga a ku Chitala, mimba imodzi ndi ine. Iwonso anali pa mankhwala. Ankati amawapengetsa, amaona zinthu, n'kuwasiya. Kumudzi anthu anati awalodza. Tinawaika m'manda ine ndili ku koleji.

"Iwe, usandiuze zosiyazo," anatero mnzanga tikutola usipa umene unagwa. "Mwina botolo lakolo ndi lina. Mwina anakupatsa la azibambo, kapena la anthu onenepa. Taona thupi lakolo, ngati ndodo yopalasira."

"Zolemba n'zimodzimodzi."

"Zolemba! Paketi ya mafuta ophikira siilembedwa chimodzimodzi, koma ena amanunkha? Bweretsa kuno. Tisinthane. Langali ndi lofatsa."

Ine wa setifiketi ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Mawa lake tinasinthana mabotolo kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba, titawakulunga m'zitenje ngati katundu wakuba. Ndinamwa piritsi la mnzanga ndikupemphera. M'mawa pansi panayenda monga kale. Ndinati mwina langa lija silinatheretu m'thupi, ndidikire. Ndinadikira mpaka mabotolo anafika pakati. Mnzanga ankabwera kudoko maso ali gwa.

"Lakoli ndiye lokoma tulo kuposa langa," anatero. "Mayi, vuto si botolo. Vuto ndi mwini wake."

Ankaseka, koma ine mawuwo anandilowa. Botolo likanakhala loipa ndikanalibweza. Nanga mwini wake ndimubweza kuti?

Ulendo wotsatira wa kuchipatala tinapeza pakhonde pali tebulo lachilendo. Panakhala mayi wina wovala magalasi, Mmalawi mnzathu, amene anesi anati akuchita kafukufuku wa mmene matupi a anthu amalandirira mankhwalawa. Ofuna apereke magazi pang'ono, osafuna palibe mlandu. Pamzere panayamba manong'onong'o, ena n'kumati magazi athu akukagulitsa. Mnzanga anati ake ndi odula, ayambe amuonetsa mtengo. Ine ndinapita, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma ndinamva mayiwo akufunsa wina ngati amalota zachilendo.

Nditakhala pansi zonse zinangotuluka, za chiwaya, za maloto, mpaka za kusinthana mabotolo. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Munasinthana?"

"Eya."

"Ndiye chinachitika n'chiyani?"

"Palibe. Iye bwinobwino, ine chimodzimodzi."

Anaseka pang'ono, kenako n'kuumitsa nkhope. "Musadzachitenso, chonde. Mwayi wake mapiritsi anali amodzi. Koma zimene munaonazo n'zimene ndabwerera kuno."

Anandifunsa ntchito yanga, ndipo nditawauza anati ndiganize za amayi awiri otumbula nsomba. Aliyense akulandira beseni limodzi patsiku. Wina ndi wamanja achangu, likamabwera beseni lamawa, ladzulo latha kale. Wina ndi wodekha, lamawa limamupeza ladzulo lisanathe, ndiye nsomba zimangounjikana. Chiwindi, akuti, ndicho chimaphwanya mankhwala kuti atuluke m'thupi. Cha anthu ena chimaphwanya piritsi limeneli mwachangu, cha ena pang'onopang'ono, ndipo mankhwala akaunjikana m'magazi amafika kumutu. Munthu amabadwa nazo, amatengera kwa bambo ndi mayi ake monga mmene amatengera msinkhu kapena mpata wa mano.

"Ndiye chiwindi changa chikudwala?"

"Ayi, sichikudwala."

"Koma ndi chaulesi."

"Pa mankhwala awa okha mwina n'chochedwa. Pa ena chikhoza kukhala chachangu kuposa cha mnzanuyo."

"Ndiye mankhwalawa mwa ine sakugwira ntchito?"

"Akugwira. Mwinanso alipo ambiri kuposa ofunika."

"Basi ndizimwa theka."

"Ayi! Ayi, mayi, musadule piritsi."

Apa ndiye mutu unaima. Ndi ambiri koma ndisachepetse. Sindikudwala koma ndikudwala. Ndinati chabwino, magazi mwatengawo anena liti kuti ndine wochedwa? Anati magaziwo sayenda ndi dzina langa, amapita ndi nambala, akawayeza pamodzi ndi a anthu ambiri, ndipo zotsatira zidzathandiza odzabwera m'tsogolo. Za ine ndekha sangalonjeze kundiuza. Sanganenenso motsimikiza kuti ndine mmodzi wa ochedwawo, kungoti nkhani yanga ikufanana nawo.

Ndinawauza za achemwali anga. Ndinafunsa ngati nawonso chinali chiwindi, osati kulodzedwa.

"N'kutheka, poti munali mimba imodzi. Koma sindingadziwe. Sindinawaone."

Ndinkafuna anene kuti inde. Mpaka lero ndimafuna akananena kuti inde.

Kenako anafunsa chinthu chimene ndinkachiona chopanda pake: ndimadya chiyani ndisanamwe? Nditatchula usipa wamafuta ndi mandasi, anagwira pachipumi. Akuti piritsi limeneli likapeza mafuta m'mimba limalowa m'magazi lambiri kuposa likapeza m'mimba mopepuka. Ndiye kuti chiwindi chochedwa chija apongozi ankachiwonjezera mabeseni, mwa chikondi chawo chonse. Mayiwo ananyamuka pa tebulo lawo n'kundiperekeza okha kwa adokotala, n'kundiuza kuti ndinene zonse, ndi za chiwaya zomwe. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyo anesi akafunsa ndinkangoti "chizungulire pang'ono," kuopa kuoneka wodandaula, kuopanso kuti angandiuze kuti ndisiye kuyamwitsa.

Adokotala anati ndizidya msanga dzuwa likamalowa, zamafuta ndichepetse madzulo, piritsi ndimwe papita nthawi, ndipo ndibwerenso akaone. Kunyumba inali nkhondo.

"Dokotala wake uti wonena kuti munthu amwe mankhwala ndi njala?" anatero apongozi. "Ameneyo sukulu anaithawa."

"Akuti chiwindi changa n'chochedwa, amayi."

"Chochedwa kupita kuti?"

Ndinayesa za mabeseni zija, iwo n'kuti ngati munthu ntchito ikumukulira ndiye umupatse chakudya, osati kumumana. Kunena zoona, mmene ankanenera zinkamveka kuposa zanga. Komabe mbale ija ndinayamba kuikana, iwo n'kumaisiya pakhomo pa chipinda, ine n'kumaidya m'mawa.

Chizungulire chinachepa, koma sichinathe. Chiwaya ndinasiya kuphula mwana ali kumbuyo, ankandiphulira mnzanga, uku akunditcha "achiwindi chaulesi" anthu ena osadziwa kuti akunena chiyani. Nditabwerera kuchipatala adokotala anandisinthira mankhwala, n'kundipatsa a mtundu wina. Pansi panaima. Maloto anabwerera kukhala wamba, a ngini ya boti ndi anthu akumudzi. Tebulo la mayi aja linali litachoka, ndipo sindinawaonenso. Magazi anga kaya anati chiyani, kaya ali kuti.

Piritsi sindinadumphitse ngakhale limodzi, langa kapena la mnzanga. Mwana atasiya kuyamwa anamuyeza komaliza. Anesi anati alibe. Ndinawafunsa kawiri, kenako ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Kachirombo sindinamupatse. Koma chiwindi? Sabata yatha anatentha thupi, anesi n'kutipatsa panado wamadzi, n'kundionetsa mzere wa pa kasupuni. Ndinafunsa ngati mzerewo ndi wa ana onse, ngakhale amene mayi awo ndi ochedwa. Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chitchaina, n'kunena kuti ndi wa ana onse a kulemera kwake, ndingotsatira. Ndinatsatira. Koma nditamumwetsa ndinakhala pamphasa n'kumamuyang'ana akusewera ndi chivindikiro cha botolo, ndikudikira kuti ndione ngati pansi pakumuyendera. Iye anangondiyang'ana n'kupempha mandasi.