Galu Amene Ankalusa Tikamapemphera

Galuyo sindinachite kumufuna. Anabwera naye ndi mlongo wanga, amene amayendetsa thiraki pa msewu wa ku Tete. Anati anamutola ku malire, pa galaja ina imene inkatsekedwa, komwe ankamusunga m'kakhumbi ka malata dzuwa lonse kuti asazolowere anthu.

"Achemwali, chimwalirireni alamu mukukhala nokha. Uyu akhala mlonda wanu."

"Mlonda ndili naye kale kumwamba," ndinatero.

"Eya, koma wakumwambayo sauwa."

Ndinamudzudzula chifukwa cha pakamwa pakepo, koma galu anatsala.

Poyamba sanavute. Ankadya, n'kukagona pansi pa mtengo wa manachesi umene uli pabwalo panga. Anthu a makala ochokera kwa Nthache akamadutsa ndi njinga zawo, ankangouwa pang'ono n'kugonanso. Vuto linayamba Lachinayi. Kuyambira pa maliro a bambo a kunyumba kwanga, amayi a kumpingo kwathu ankachitira mapemphero a Lachinayi pakhonde panga, ndipo kunena zoona ndi zimene zinandiimika pa nthawi imene ndinalibe mphamvu ngakhale yosesa pabwalo. Tsiku limenelo tinaimba, galu ali phee. Tinawerenga Mawu, ali phee. Titaimirira kuti tipemphere, tonse manja m'mwamba, mawu okweza, ndinamva kulira kwina kochokera pansi pa mmero. Potsegula maso ndinaona ubweya wa pamsana pake uli njoo, mano onse pamtunda. Amayi anabalalika, wina mpaka kusiya nsapato imodzi pamkeka.

Sabata yotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Atcheya athu, mayi wachikulire amene amatitsogolera, anandiitanira pambali.

"Mayi mnzanga, galu wanuyu wamakala amamusiya. Woledzera amamusiya. Koma akamva dzina la Ambuye ndi pomwe akufuna kutidya. Inu simukuonapo kanthu?"

Ndinkaonapo. Ndinawerengapo kuti mizimu yoipa inalowa m'ziweto, ndipo sindikayika kuti zinachitikadi. Koma m'Mawu omwewo ndinaphunziranso kuti munthu woopa Mulungu amasamala moyo wa chiweto chake. Ndinkasinkhasinkha zonse ziwirizi, koma sizinkalumikizana. Kodi ndalowetsa mdani pakhomo, kapena ndapatsidwa cholengedwa choti ndichisunge? Ndinasala kudya, ndinafunsa, yankho silinabwere.

Ndinapita naye kwa alangizi a ziweto pa boma. Anamubaya katemera wa chiwewe, n'kunena kuti sakudwala. Atandifunsa kuti amalusa nthawi yanji, ndinachita manyazi kunena kuti pa mapemphero. Ndinangoti alendo akachuluka. Iwo anati ndisamamumenye, ndipo ndiziyang'ana chimene chimachitika asanayambe kulusa.

Amayi a kumpingo aja anagwirizana zoti timupempherere galuyo. Ine sindinakane, chifukwa ndi mmene timachitira ndi aliyense womangidwa: timamuzungulira, n'kumusanjika manja. Ndinamumangirira ku mtengo wa manachesi uja ndi chingwe chachifupi. Tinamuzungulira. Iye anayesa kubisala kuseri kwa mtengo, koma kunalinso miyendo ya anthu. Manja atatambasuka pamwamba pa mutu wake, anadzikodzera. Ndinaona mkodzowo ukuyenda m'fumbi, mtima wanga unandiuza kuti tisiye, koma wina anafuula kuti chiwanda chayamba kutuluka, ndipo mawu anakwera. Atcheya anatsitsa dzanja kuti amugwire pamutu. Anawaluma pamkono.

Tinathamangira nawo kuchipatala. Akuwatsuka bala, atcheya anandiyang'ana mopanda mkwiyo, n'kunena kuti, "Musankhe, mayi. Galu aphedwe, kapena mapemphero achoke pakhomo panu." Pofika madzulo, abambo ena oyandikana nane anali atadzipereka kale kuti ntchitoyo aigwira okha, ine ndisaone n'komwe. Ndinawapempha kuti adikire kaye.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kukathyola manachesi. Galu anali chogona chapafupi. Nditakweza dzanja kuti ndigwire nthambi, ndinamva kulira kuja. Anali atadziphwatika pansi, makutu kumbuyo, thupi likunjenjemera. Sankandiyang'ana kumaso ayi. Maso ake anali pa dzanja langa. Ndinalitsitsa, anakhala chete. Ndinalikwezanso, anayambiranso. Sindinkapemphera, sindinatchule dzina lililonse.

Ndinakhala pansi pomwepo, manja pamiyendo, n'kuyamba kutchula dzina la Ambuye motsitsa, kenako mokweza ndithu. Galu anagwedeza mchira. Anakwawa n'kudzaika chibwano pa phazi langa. Pomusisita kuchokera kukhosi, zala zanga zinapeza mizere yolimba pansi pa ubweya, pamutu ndi paphewa. Ndinamuimbira foni mlongo wanga.

"Aaa, achemwali, pa galaja paja ankamukwapula ndi lamba wa injini kuti azikwiya. Agalu olondera amawapanga choncho. Sindinakuuzeni kodi?"

Sanandiuze.

Ndinapita kwa atcheya ndi mbale ya manachesi, mtima uli m'malo, poganiza kuti nkhani yatha. Ndinawafotokozera zonse: kuti kwa galuyo dzanja lokwezedwa ndi chikwapu, ndipo ife tinamukwezera manja ambiri nthawi imodzi ali womangidwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nachesi ndi dzanja limodzi.

"Ndiye tizipemphera manja tabisa m'chitenje chifukwa cha galu?" anatero, n'kuseka.

Ndinati ndizimutsekera kuseri Lachinayi lililonse.

"Mwina mukunena zoona, mayi mnzanga. Mwinanso mdani ndi wochenjera kuposa ife tonse. Ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkonowu ndi wanga, ndipo amayi aja sangatsinzine maso pakhomo pamene akumva galuyo akulira kuseri."

Sanalakwitse pena paliponse.

Galu sindinamupereke kuti aphedwe. Sindinganene kuti ndinamva liwu londiuza kutero. Kungoti abambo aja atabweranso, pakamwa panga panakana kuvomera. Mapemphero anasamukira kwa mayi wina kufupi ndi msika, ndipo Lachinayi ndimanyamuka ndi mkeka wanga kupita kumeneko. Amandilandira bwino. Ena amafunsa moseka kuti m'busa wanga wa miyendo inayi wadzuka bwanji.

Pobwera ndimapeza khonde langa lili zii, ndipo zimandiwawa kuposa mmene ndinkaganizira. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinasinthanitsa msonkhano wa oyera mtima ndi galu, ndipo sindinapezebe yankho. Alendo akabwera ndimamutsekera kaye, ana sindiwalola kumuyandikira. M'mawa ndimatenga kausipa m'dzanja, n'kulikweza pang'onopang'ono iye akuona, kenako n'kumupatsa. Pano ndimafika nalo paphewa asanalire. Kupitirira apo amayambanso kunjenjemera, ndiye ndimatsitsa. Kunyumba ndimapemphera chogwada, manja pansi, iye atagona pakhomo.